Mafunso ndi Mayankho: Kodi ku America kulidi misasa yachinsinsi yotsekeramo anthu?

Funso: Akonzi, mng'ono wanga wakhala ku Texas, m'dziko la America, kwa zaka zingapo tsopano, ndipo masiku ano akumanditumizira makanema pa WhatsApp amene akundisowetsa tulo. M'makanemawo akuti bungwe la boma lotchedwa FEMA linamanga mwachinsinsi misasa mazanamazana yozunguliridwa ndi waya waminga, ndipo tsiku lina boma lidzalengeza kuti dziko lili pangozi, n'kuyamba kutola anthu olitsutsa kukawatsekera kumeneko popanda mlandu. Kanema wina akuonetsa mabokosi akuda apulasitiki ataunjikidwa pabwalo, ndipo wolankhulayo akuti ndi a maliro a anthu amene adzafere m'misasamo. Kodi zimenezi ndi zoona, kapena ndi bodza lamkunkhuniza? — Mayi wodera nkhawa

Yankho: Mayi, tiyambe ndi mabokosiwo, chifukwa ndiwo osavuta kulongosola. Zithunzi zotchuka za mabokosi amenewo zinajambulidwa pafupi ndi tauni ya Madison, m'chigawo cha Georgia, ndipo si mabokosi a maliro ayi. Ndi zikuta zapulasitiki zimene amaika m'manda kuti ziphimbe bokosi lenileni, dothi lisatitimire pakapita nthawi, ndipo mwini wake anali kampani yozipanga imene inkangozisunga pamalopo. Kanema wina wakale kwambiri, wa m'zaka za m'ma 1990, amaonetsa mipanda ndi zipata ku Beech Grove, m'chigawo cha Indiana, n'kumati ndi ndende yodikira anthu, pamene malowo ndi okonzera sitima zapamtunda za kampani ya Amtrak. Magazini ya Popular Mechanics inalondola nkhani zoterezi mu 2009 ndipo sinapeze msasa ndi umodzi womwe. Kuyambira pamene mphekeserayi inabuka, atsogoleri a zipani zonse ziwiri akhala akusinthana pampando, ndipo nthawi iliyonse otsatira chipani chogonja ndi amene amati misasayo akonzera iwo. Chikhalirecho palibe mmisiri, mlonda kapena wophika amene anatulukapo n'kuonetsa umboni wakuti anagwirako ntchito, ngakhale kuti misasa mazanamazana singamangidwe ndi anthu awiri okha.

FEMA yeniyeniyo inakhazikitsidwa mu 1979, nthawi ya Pulezidenti Jimmy Carter, kuti izithandiza pakagwa namondwe, chivomezi, moto wolusa kapena kusefukira kwa madzi, ndipo mu 2003 inalowa pansi pa unduna woona za chitetezo cham'dziko. Mbiri yake yoipa kwambiri inachokera ku namondwe wa Katrina mu 2005, pamene inalephera kufikitsa madzi akumwa ndi chakudya ku New Orleans panthawi yake. Anthu amene anaona zimenezo ndi maso amaseka akamva kuti bungwe lomwelo lingathe kusunga chinsinsi chachikulu chotere kwa zaka makumi anayi.

Komabe sindikuuzani kuti mng'ono wanuyo akuopa zopanda pake, chifukwa dziko la America linatsekerapo kale anthu ake m'misasa, ndipo ena mwa amene anakhalamo ali ana akadali moyo lero. Pa 19 Febuluwale 1942, patangotha miyezi iwiri Japan itaphulitsa doko la asilikali a America la Pearl Harbor, Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo lake nambala 9066, lopatsa asilikali mphamvu yochotsa anthu m'madera amene asilikaliwo asankha. Anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani anasamutsidwa, makamaka kuchokera kugombe lakumadzulo, ndipo awiri mwa atatu alionse anali nzika za America. Zidziwitso zinkakhomedwa pamitengo ya magetsi ndi pamakoma, zouza mabanja kuti pasanathe sabata akaonekere pamalo akutiakuti atanyamula zokhazo zimene manja awo angathe. Banja lililonse linapatsidwa nambala, imene inalembedwa pa tizikwangwani tomangirira pa katundu ndi pa malaya a ana omwe. Eni minda ndi masitolo anagulitsa zawo pamtengo wolira. Pabwalo la mjaha wa akavalo la Santa Anita, pafupi ndi Los Angeles, mabanja ena anagonekedwa m'makola a akavalo opakidwa laimu mwachangu, fungo la ndowe likadalimo, asanawatumize ku misasa khumi yokhazikika monga Manzanar ndi Tule Lake ku California, Heart Mountain ku Wyoming ndi Topaz ku Utah. Kumeneko kunali waya waminga ndi nsanja za alonda amfuti, monga momwe makanema a masiku ano amanenera.

Chimene ndikufuna kuti muone, Mayi, n'chakuti kusamutsa anthuku ndi misasayi sizinali zobisika ayi. Lamulo linasindikizidwa, aphungu a Nyumba ya Malamulo anaika chilango kwa aliyense wokana kusamuka, nyuzipepala zambiri zinaombera m'manja, ndipo pa 18 Disembala 1944 khothi lalikulu la dzikolo, mwa oweruza 6 kutsutsana ndi 3, linati Fred Korematsu, mnyamata wobadwira ku Oakland amene anakana kuchoka, analakwadi. Boma silinafunikire kubisa misasayo, chifukwa anthu ambiri anali ndi mantha a nkhondo ndipo otsekeredwawo anali a mtundu umene ambiri sankaukonda. Tsiku lomwelo khothi lomwelo linagamulanso mlandu wa Mitsuye Endo, mayi wogwira ntchito ya ukalaliki m'boma la California, amene mlongo wake anali msilikali wa America. Boma linamuuza kuti lingamutulutse bola asabwerere kugombe lakumadzulo, koma iye anasankha kukhalabe mumsasa kuti mlandu wake usafere panjira, ndipo oweruza onse anagwirizana kuti boma lilibe mphamvu yosunga nzika imene ilo lomwe likuvomereza kuti ndi yokhulupirika. Misasa inayamba kutsekedwa, ndipo wa Tule Lake ndiwo unatsiriza mu Malichi 1946. Kupepesa kunabwera mochedwa kwambiri: mu 1988 Pulezidenti Ronald Reagan anasaina lamulo lopereka chipukuta misozi cha madola 20,000 kwa aliyense amene anali akadali moyo, komiti yofufuza itapeza kuti gwero la zonsezi linali tsankho, mantha a nkhondo ndi kulephera kwa atsogoleri andale. Mu 2018 mkulu wa oweruza, John Roberts, analemba kuti chigamulo cha Korematsu chinali cholakwika kuyambira tsiku limene chinaperekedwa.

Nkhaniyi sinathere pa nkhondo ija. Mu 1950, mantha a chikomyunizimu ali pachimake, aphungu anakhazikitsa lamulo lolola boma kutsekera, panthawi ya ngozi, munthu aliyense woganiziridwa kuti mwina angadzachite ukazitape kapena kuononga katundu wa dziko, ngakhale asanachite kanthu. Pulezidenti Harry Truman anakana kulisaina, koma aphungu anamuposa ndi mavoti. Malo asanu ndi limodzi anakonzedwa, ndipo amodzi mwa iwo anali Tule Lake yomwe ija. Palibe amene anatsekeredwamo, ndipo mu 1971 lamuloli linafafanizidwa, anthu a mtundu wa Chijapani atalimbana nalo mwamphamvu. M'malo mwake munabwera lamulo lachidule lonena kuti nzika isamangidwe kapena kusungidwa ndi boma pokhapokha motsatira lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo.

Dzina la FEMA linalowa m'nkhanizi m'zaka za m'ma 1980. Mu 1984 bungweli linachita nawo zoyeserera zotchedwa Rex 84, zoona mmene boma lingachitire pakagwa chipwirikiti chachikulu, kuphatikizapo kusunga anthu ochuluka olowa m'dziko nthawi imodzi. Mu 1987, pa kafukufuku wa aphungu wokhudza nkhani ya Iran-Contra (yogulitsa zida mwachinsinsi ku Iran n'kupereka ndalama zake kwa oukira boma a ku Nicaragua), phungu Jack Brooks anafunsa msilikali Oliver North ngati anagwirapo ntchito yokonza dongosolo loimitsa malamulo aakulu a dziko pakagwa ngozi. Wapampando anadula funsolo, nati nkhaniyo ndi yachinsinsi kwambiri ndipo ikambidwe kuseri. Wapampandoyo anali Daniel Inouye, wa mtundu wa Chijapani, amene anaduka mkono akumenyera nkhondo America ku Italy. Funso lodulidwa pamaso pa makamera limabala mphekesera zambiri kuposa yankho lililonse, ndipo kachigawo ka kanema kameneko kakuzungulirabe mpaka lero. Kenaka mu Januwale 2006 kampani ya KBR inapatsidwa kontirakiti ya madola 385 miliyoni yoti idzamange malo osungiramo anthu olowa m'dziko atachuluka mwadzidzidzi, ndipo mu 2009 phungu Alcee Hastings anabweretsa bilu yoti pamalo ena a asilikali pakhale malo othawirako pakagwa ngozi. Biluyo inafera m'komiti osavoteredwa n'komwe. Opanga makanema amatola zidutswa zoona zimenezi n'kuzisoka pamodzi ndi mabokosi a ku Madison aja, ndipo n'chifukwa chake bodzali limamveka lokoma kukhutu: akuti utsi sufuka popanda moto, koma iwo amaloza moto kumene kulibe.

Funso: Akonzi, ine ndimakonda kutsatira nkhani za malamulo. Ndinamva kuti lamulo limene Pulezidenti Barack Obama anasaina mu 2011 limalola asilikali kugwira nzika ya America n'kuisunga mpaka kalekale osaitengera kukhothi. Ngati zili choncho, kodi malamulo aakulu a dziko amene Aamerika amanyadira aja ali ndi ntchito yanji? — Bambo wokonda zamalamulo

Yankho: Bambo, mwagwira pamene pali nkhani yeniyeni. Lamulo mukunenalo ndi la ndalama za asilikali la chaka cha 2012, limene Obama anasaina pa 31 Disembala 2011. Ndime yake ya 1021 imatsimikiza kuti asilikali angasunge, popanda kuzenga mlandu mpaka nkhondo itatha, anthu a m'magulu a al-Qaeda ndi Taliban kapena amene anathandiza kwambiri maguluwo. Aphungu atakangana ngati zimenezi zikukhudzanso nzika ndi anthu ogwidwira m'dziko momwemo, analephera kugwirizana, ndipo anangolemba kuti ndimeyo sikusintha malamulo amene analipo kale pa anthu oterowo. Vuto n'lakuti malamulo amene analipo kalewo ndi omwe ankakanganirana. Obama analonjeza polemba kuti boma lake silidzasunga nzika mwanjira imeneyo, koma lonjezo la mtsogoleri mmodzi silimanga wobwera pambuyo pake. Mtolankhani Chris Hedges ndi anzake anakasuma, ndipo mu 2012 woweruza Katherine Forrest anaimitsa ndimeyo, koma mu 2013 khothi la apilo linafafaniza chigamulocho ponena kuti odandaulawo sanaonetse kuti lamulolo likuwaopseza iwo eni. Khothi lalikulu linakana kumva nkhaniyo mu 2014, motero funso lanu lidakali lotseguka, ndipo aliyense wokuuzani motsimikiza mbali imodzi akukuuzani zoposa zimene makhothi ananena.

Chitetezo chenicheni chagona pa mawu awiri a Chilatini, habeas corpus, amene tanthauzo lake ndi lakuti womangidwa, kapena womuimira, angapemphe woweruza kuti alamule omusungawo kubwera naye kukhothi n'kufotokoza chifukwa chovomerezeka chomusungira. Malamulo aakulu a America amati ufulu umenewu usaimitsidwe pokhapokha pakakhala kuukira boma kapena adani atalowa m'dziko, ndipo chitetezo cha anthu chikufunadi zimenezo. Abraham Lincoln anauimitsa mu 1861 pa nkhondo yapachiweniweni, ndipo nkhondoyo itatha, mu 1866, khothi lalikulu linagamula kuti munthu wamba asaweruzidwe ndi asilikali kumene makhothi wamba ali otsegula.

Taonani mmene zinayendera pambuyo pa uchigawenga wa pa 11 Sepitembala 2001. Jose Padilla, nzika ya America, anagwidwa pabwalo la ndege ku Chicago mu Meyi 2002, ndipo anasungidwa m'ndende ya asilikali apamadzi ku South Carolina kwa zaka zoposa zitatu asanaimbidwe mlandu uliwonse. Boma linamusamutsira kukhothi wamba pamene nkhani yake inali pafupi kubwereranso kukhothi lalikulu. Yaser Hamdi, wobadwira ku Louisiana koma wogwidwira ku Afghanistan, anapambana mu 2004 pamene khothi linati nzika iyenera kupatsidwa mwayi wotsutsa zifukwa zoisungira pamaso pa woweruza wosakondera, ndipo patangopita miyezi yochepa boma linamutumiza ku Saudi Arabia osamuzenga mlandu. Ndende ya Guantanamo, pachilumba cha Cuba, inatsegulidwa mu Januwale 2002 ndipo mwadutsa amuna pafupifupi 780. Malowo anasankhidwa poganiza kuti dzanja la makhothi a America silifikako, koma mu 2008 khothi lalikulu linati likufikako. Malamulo aakulu ali nayo ntchito, Bambo, kungoti amafika mochedwa, munthu atadya kale zaka zake m'chitolokosi, ndipo amafika pokhapokha wina akalimba mtima kukagogoda kukhothi monga anachitira Mitsuye Endo.

Pali chinanso chimene chimandidetsa nkhawa kuposa mipanda ya m'makanema. Lamulo la 1976 loyendetsa nthawi za ngozi linapangidwa kuti lichepetse mphamvu za pulezidenti, koma kulengeza ngozi kumangofuna siginecha yake, ndipo kumatsegula mphamvu zapadera zoposa 100 zomwazikana m'malamulo osiyanasiyana. Ngozi imene Carter analengeza mu 1979 yokhudza Iran yakhala ikuonjezeredwa chaka ndi chaka, ndi atsogoleri a zipani zonse. Zambiri mwa ngozi zimenezi ndi zongotsekera chuma cha maiko ndi magulu akunja, osati zomanga anthu, koma zikuonetsa kuti chinthu chobwera ngati chakanthawi chimatha kukhazikika mpaka anthu kuiwala kuti chinali chakanthawi.

Funso: Akonzi, bwanji mukutaya malo m'magazini ndi nkhambakamwa za pa intaneti? Munthu akakhulupirira za misasa yachinsinsi, wavulaza ndani? — Wowerenga wokayika

Yankho: Wavulaza anthu enieni, achimwene. Mu 2015 asilikali a America anachita zoyeserera zotchedwa Jade Helm 15, kuyambira pa 15 Julayi mpaka pa 15 Sepitembala, m'zigawo zingapo kuphatikizapo Texas. Mphekesera inafala yakuti masitolo asanu a Walmart amene anatsekedwa mwadzidzidzi chaka chomwecho akusandutsidwa ndende, mpaka bwanamkubwa wa Texas, Greg Abbott, analamula asilikali a chigawo chake kuti aziyang'anira asilikali a dziko lawo lomwe. Zoyesererazo zinatha popanda wotsekeredwa m'masitolowo. Zimenezo tingaseke, koma za mu 2024 n'zosaseketsa: namondwe wa Helene atasakaza kumapiri a North Carolina, mabodza akuti FEMA ikulanda malo a anthu anafika poti ogwira ntchito ake anaopsezedwa, ndipo anayamba aimitsa kuyenda khomo ndi khomo m'madera ena, pamene mabanja anali opanda denga ndi madzi. Munthu woopa kulembetsa dzina lake kwa opereka thandizo amagona panja ndi ana ake.

Kuvulaza kwachiwiri n'kwakuti maso akakhala pa misasa yongopeka, saona imene ili poyera. Boma la America limasunga anthu ambirimbiri olowa m'dziko kapena okhalamo popanda zikalata zokwanira, ndipo mu 2025 chiwerengero cha osungidwa pa tsiku limodzi chinapitirira 50,000, ambiri a iwo m'malo oyendetsedwa ndi makampani monga GEO Group ndi CoreCivic. Mu Julayi chaka chomwecho aphungu anavomereza madola 45 biliyoni oonjezera malo oterewa, ndipo chigawo cha Florida chinatsegula msasa wa matenti m'madambo a Everglades, umene akuluakulu a boma ananena poyera kuti ndalama zake zambiri zichokera ku thumba lina la FEMA. Mu Malichi 2025 Pulezidenti Donald Trump anagwiritsa ntchito lamulo la 1798 lokhudza nzika za maiko odana ndi America, limene m'mbuyomo linagwirapo ntchito pa nkhondo zitatu zokha, ndipo amuna oposa 200 a ku Venezuela anatumizidwa kundende ya CECOT ku El Salvador, ena mwa iwo pansi pa lamulo limeneli, asanaonekere pamaso pa woweruza. Mu Epulo khothi lalikulu linati anthu otere ayenera kudziwitsidwa ndi kupatsidwa mpata wokatsutsa kukhothi asanachotsedwe. Aamerika amasiyana maganizo kwambiri pa nkhani ya olowa m'dziko, ndipo boma lililonse lili ndi ufulu woteteza malire ake, koma funso lakuti munthu angatsekeredwe osamvedwa ndi lomwe lija la mu 1942, ndipo monga nthawi ija, zonse zikuchitika masana, makamera akujambula.

Apa ndibwerere kwa inu, Mayi wodera nkhawa. Ngati mng'ono wanu ndi nzika kapena zikalata zake zili bwino, mabokosi a ku Madison asamusowetse tulo. Ngati zikalata zake zili ndi vuto, kapena akudikira yankho la pempho lake, nkhawa yake aiike pamenepo. Ndime ya malamulo aakulu yoletsa kulanda ufulu popanda kutsata njira ya chilungamo imanena za munthu aliyense, osati nzika yokha, koma m'makhothi oona za olowa m'dziko boma silipereka loya waulere monga limachitira pa milandu yaupandu, choncho ndi bwino adziwiretu loya kapena bungwe lothandiza pa nkhani zimenezi zinthu zisanavute. Aliyense amene ali ndi fayilo ku ofesi yoona za olowa m'dziko amakhala ndi nambala yoyamba ndi chilembo A, ndipo nambala imeneyo pamodzi ndi dziko limene anabadwira ndi zimene achibale amalemba pa tsamba la intaneti la ICE, bungwe la boma logwira ndi kusunga olowa m'dziko popanda zikalata, pofufuza kumene munthu wasungidwa. Muuzeni akutumizireni nambalayo ndi ya foni ya loya wake, ndipo inu muzilembe papepala, chifukwa foni ndi chimodzi mwa zinthu zoyamba kulandidwa munthu akagwidwa.